LUDZU LA GALIMOTO: Kodi Kilomita Imodzi Ndi Ndalama Zingati ku Chiradzulu?

Munthu woyenda m'midzi ya m'boma la Chiradzulu, kuyambira ku Namadzi mpaka ku Namitambo, sapita patali asanaone galimoto itakhazikidwa pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, matayala ake atachotsedwa, ndipo nkhuku zitasandutsa mpando wakumbuyo chisa choikiramo mazira. Kawirikawiri galimoto yotereyi sinagundidwe ayi, ndiponso mwini wake sanali munthu wotayirira. Ena mwa eni magalimoto amenewa ndi anthu aulemu wawo: aphunzitsi opuma pa ntchito amene anathirapo ndalama zonse zimene boma linawatsanzika nazo, alimi a ng'ombe zamkaka amene anasunga makobidi kwa zaka zambiri, anyamata amene anakakhetsa thukuta ku Joni nabwerako ndi chinthu choti mudzi uwaonerepo. Onsewa anaudziwa bwino mtengo wogulira galimoto, pakuti anachita kuwerenga ndi manja awo. Chimene sanachidziwe ndicho mtengo woiyendetsera tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo umenewu ndiwo tifuna kuusanthula m'chigawo chino.

Tiyambe tagwirizana za galimoto imene tikukamba. Sitikunena za lole kapena minibasi, kapenanso timagalimoto ting'onoting'ono timene tadzaza m'misewu ya m'tauni. Tikunena za galimoto ya petulo ya zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, yokwera anthu asanu, imene achikulire ankaitcha saluni. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 galimoto yotere inali Peugeot 504 kapena Toyota Corona, ndipo mwini wake ankadziwika dzina m'boma lonse. Masiku ano zina mwa zimene zimaoneka kwambiri ndi Toyota Premio ndi inzake Allion, zimene zinayamba kupangidwa ku Japan mu 2001 ndipo zinasiya kupangidwa mu 2021. Premio ndiyo inalowa ufumu wa Corona. Injini zake ndi za 1500cc, 1800cc kapena 2000cc, thanki yake imalowa malita 60, ndipo galimotoyo ikakhala yopanda munthu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,200. Pafupifupi zonse zimafika kuno zitatumikira kale mwini wina ku Japan. Zambiri zimatsika sitima ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, zina ku Durban nkulowera pa Mwanza.

Wogulitsa, pofuna kuti malonda ayende, amakonda kunena kuti galimotoyo imayenda makilomita 16 kapena kuposa pa lita imodzi, ndipo amatha kuonetsa pepala lochokera ku Japan lomuchitira umboni. Pepalalo silinama, koma tiyenera kudziwa mmene nambalayo inapezedwera. Galimoto yatsopano amailowetsa m'nyumba yoyeseramo, matayala ake nkumazungulira pa mikombero yachitsulo, popanda fumbi, popanda chitunda, popanda matumba, makina oziziritsira mpweya atazimitsidwa. Ngakhale a ku Japan eni akewo anaona kuti kayesedwe kawo kakale kankakometsera zinthu, kotero kuti anakasintha kangapo, ndipo kuyambira 2018 anayamba kutsata njira yotchedwa WLTC, imene imatulutsa manambala ocheperako. Tsono galimoto imene yatha zaka khumi kapena khumi ndi zisanu pamsewu ikafika kuno, mwini wake akamapeza makilomita 10 mpaka 13 pa lita azidziwa kuti zinthu zili m'malo mwake. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nchifukwa ninji pali kusiyana kotere? Choyamba tidziwe kuti injini ya petulo ndi chinthu chowononga mwa chibadwa chake. Pa malita anayi alionse amene timathira m'thanki, ndi lita imodzi yokha, kapena kuposerapo pang'ono, imene imasanduka mphamvu yokankha galimoto. Otsalawo amangosanduka kutentha kumene kumatuluka ndi utsi kapena kuchotsedwa ndi madzi a mu rediyeta. Mphamvu yochepa yotsalayo nayonso ili ndi adani. Kulemera kwa galimoto kumafuna mafuta nthawi iliyonse ponyamuka ndi pokwera chitunda. Matayala amakhuzana ndi msewu, nadyako gawo lawo. Koma mdani amene ambiri samuganizira, chifukwa saoneka ndi maso, ndiye mphepo imene galimoto imaing'amba pothamanga. Mphepoyi sikula molingana ndi liwiro chabe ayi: galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imalimbana ndi mphamvu yoposa kawiri imene inzake yoyenda pa 80 imalimbana nayo. Nchifukwa chake saluni imamwa mwaulemu ikamayenda mokhazikika pakati pa 70 ndi 90, giya ili yotsiriza, phazi lili chete.

Koma ndi kuti ku Chiradzulu kumene dalaivala angayende choncho kwa ola lathunthu? Boma lino ndi laling'ono, lodzaza anthu, ndiponso lamapiri. Msewu waukulu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, umene unkalumikiza Blantyre ndi likulu la dziko kufikira 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndi wa phula ndithu, koma umadutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi, ndipo pa malo onsewa pali misika, njinga za kabaza, ana a sukulu ndi maminibasi oima pamene afunira. Aliyense woponda buleki pa Mbulumbuzi tsiku la msika akutaya mphamvu imene anaigula ndi ndalama mphindi yapitayo, pakuti buleki sichita china koma kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Akapitirira msikawo ayenera kugulanso liwiro lomwelo kachiwiri. Dalaivala wodekha amachotsa phazi pa mafuta akali patali, galimoto nkumachepetsa yokha liwiro. Wopupuluma amafika ndi liwiro lonse, kuponda buleki mwamphamvu, kenaka kunyamukanso ngati akuthawa moto wolusa, ndipo akafika ku Zomba amakhala atatsogola mnzake uja ndi mphindi zowerengeka chabe, koma thanki yake itatsika moonekeratu.

Nkhani imakula tikapatuka pa phula. Anthu ambiri a m'boma lino sakhala m'mbali mwa msewu waukulu. Amakhala m'midzi ya kwa Kadewere, kwa Nkalo, kwa Likoswe ndi kwa Mpama, kumene makilomita otsiriza ofikira pakhomo ndi a dothi, miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Saluni inapangidwa yogwa pansi, ndipo pakati pa mimba yake ndi nthaka pali masentimita 15 kapena 16 okha. Motero dalaivala amakwawa ndi giya yoyamba kapena yachiwiri, injini ikulira kwambiri pamene galimoto ikusuntha pang'ono. Pa msewu wotere makilomita 7 kapena 8 pa lita si chinthu chodabwitsa. M'dzinja matayala amazungulira m'matope osapita patsogolo, ndipo mlatho umodzi ukakokoloka, monga zinachitikira m'malo ambiri pamene namondwe wa Freddy anasakaza boma lino mu Malichi 2023, ulendo wa makilomita khumi umasanduka wa makumi awiri kufikira mlathowo utakonzedwa. M'chilimwe namo muli fumbi. Fumbi limatseka sefa ya mpweya, injini nkumabanika, mphamvu nkuchepa, dalaivala nkumapondereza phazi. Ena amangoikutumula sefayo chaka ndi chaka mpaka ibooke, ndipo ikabooka fumbi lija limalowa m'kati nkumapala zitsulo za injini ngati mchenga wotsukira poto.

Palinso ludzu la m'mawa. Injini yozizira imamwa kwambiri kuposa yofunda, chifukwa imathiridwa petulo wochuluka kufikira zitsulo zitatentha, ndipo oyilo wozizira amakhala wolimba. Kudera lokwera ngati lino, m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene chiperoni chaphimba phiri la Chiradzulu, injini imatenga makilomita angapo isanafike pa kutentha kwake. Munthu wogwira ntchito pa Boma amene amaliza galimoto kuchokera kunyumba kukafika ku ofesi, mtunda wa makilomita awiri, nkubwerera masana kukadya, amayenda chaka chonse ndi injini yozizira, ndipo pa kilomita iliyonse amalipira kuposa mnzake wopita ku Limbe. Pano tiyenera kudandaula za chizolowezi china cha amakaniko athu. Ena mwa iwo, galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, amachotsamo kachipangizo kotchedwa thermostat, ati kanapangidwira maiko achisanu. Ntchito ya kachipangizoka ndi kutsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta injini isanafunde. Kakachotsedwa, injini imachedwa kufunda, ndipo pa mtsetse wautali imaziziranso, kotero kompyuta ya galimoto imapitiriza kuthira mafuta ngati kudakali m'mawa. Mwini galimoto amalipira mmisiri kamodzi pochotsa, nkumalipiranso pa pampu mlungu uliwonse.

Za katundu sitichulukitsa mawu, pakuti aliyense anaonapo saluni ikuchokera kumunda mphuno ili m'mwamba, kumbuyo kukukhula pansi. Matumba asanu a chimanga kapena nandolo ndi makilogalamu 250, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa galimoto yonse. Pamalo athyathyathya kusiyana kwake pa mafuta nkochepa, koma kuno chitunda chilichonse chimalipiritsa thumba lililonse, ndipo zimene sizinalipidwe pa pampu zidzalipidwa kwa makaniko pogula masipuling'i ndi mashoko. Chimodzimodzinso tayala lochepa mpweya: limadya mafuta pang'onopang'ono mosaonekera, nkuthanso msanga m'mbali mwake.

Pali chikhulupiriro china chimene chiyenera kutsutsidwa poyera, chifukwa chimaika miyoyo pachiswe. Madalaivala ambiri akafika pa mtsetse amachotsa giya, ena mpaka kuzimitsa injini, poganiza kuti akupulumutsa mafuta. Nzeru imeneyi inali ndi mutu pa nthawi ya Peugeot yakale ya kabuleta. Magalimoto a masiku ano amathira mafuta mu injini motsogozedwa ndi kompyuta, ndipo galimoto ikamatsetsereka giya ili momwemo, phazi litachoka pa mafuta, kompyutayo imatseka mafuta kotheratu, pakuti matayala ndiwo amazungulitsa injini. Mukachotsa giya, injini iyenera kudyetsedwa kuti isazime. Ndiye kuti wochotsa giya amamwa kuposa wosachotsa. Wozimitsa injini ndiye wachita zoopsa zenizeni: buleki imalimba akangoiponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimalemera, ndipo zonsezi zimamupeza pa kona, ana a sukulu ali m'mbali mwa msewu.

Tsono munthu angadziwe bwanji ludzu lenileni la galimoto yake? Kamuvi ka pa geji ya mafuta si mboni yodalirika, chifukwa kamakhala nthawi yaitali pamwamba kenaka nkugwa mofulumira. Kunena kuti "mafuta a K20,000 amandifikitsa ku Limbe ndi kubwerako" sikuthandizanso, popeza mtengo ukasintha mawa chiwerengerocho chafa. Njira yake imangofuna kope la sukulu ndi pensulo. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita amene geji ikuonetsa, yendani maulendo anu a masiku onse, kenaka dzazaninso mpaka idule. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa kachiwiriko. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi, m'dzinja ndi m'chilimwe. Tikudziwa kuti kudzaza thanki ya malita 60 si chinthu chapafupi kwa munthu wozolowera kuthira malita atatuatatu. Wotereyu alembe lita iliyonse imene wathira kwa miyezi iwiri, agawe makilomita a miyezi yomweyo ndi malitawo, ndipo yankho silidzapita patali ndi choonadi. Achikulire amene anazolowera mailosi ndi magaloni akumbukire kuti galoni imodzi ndi malita anayi ndi theka, ndipo makilomita 11 pa lita ndi chimodzimodzi mailosi 31 pa galoni.

Tiyeni tiyerekeze ndi munthu wokhala cha ku Boma amene amagwira ntchito ku Limbe, ndipo ulendo wake wopita ndi kubwera tiuike pa makilomita 50. M'masiku 22 ogwira ntchito pa mwezi ayenda makilomita 1,100. Galimoto yake ikamayenda makilomita 11 pa lita, afuna malita 100 pa mwezi. Akaisamala bwino nayendetsa modekha kufika pa 13, afuna malita 85. Akaitayirira, thermostat itachotsedwa, mapulagi atatopa, matayala ali ofewa, phazi lili lolemera, nkutsikira pa 9, afuna malita 122. Pakati pa wosamala ndi wotayirira pali malita 37 pa mwezi, amene pa chaka ndi malita oposa 440, mathanki asanu ndi awiri odzaza ndi zotsalira pamwamba. Galimoto ndi imodzimodzi, msewu ndi womwewo.

Nanga malita 100 amenewa ndi ndalama zingati? Apa ndi pamene mwini galimoto alibe mawu. Chakumayambiriro kwa Novembala 2023 lita ya petulo inali pa K1,746, ndiye kuti mnzathu uja ankalipira K174,600 pa mwezi. Mwezi womwewo banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo bungwe la MERA, limene limaika mitengo ya mafuta, linakweza petulo kufika pa K2,530. Malita omwewo anakhala K253,000. Mu Okutobala 2025 mtengo unakwezedwa kufika pa K3,499, ndipo mwezi wa mnzathuyo unafika pa K349,900. M'zaka ziwiri zokha ndalama ya mafuta inawirikiza kawiri, ndipo ndi malipiro a anthu angati amene anachita chimodzimodzi? Owerenga aikepo okha mtengo wa tsiku limene nkhani ino yawapeza. Nchifukwa chake tikulimbikitsa kuwerenga m'malita, osati m'makwacha.

Gwero la vutoli ndi lakale. Dziko la Malawi lilibe chitsime cha mafuta, ndiponso lilibe doko la panyanja yamchere. Petulo amagulidwa ndi ndalama zakunja, nkuyenda makilomita oposa 800 kuchokera ku Beira kudzera ku Tete ndi Mwanza, kapena oposa 1,500 kuchokera ku Dar es Salaam, kapena pa njanji kuchokera ku Nacala. Pamwamba pa mtengo wogulira ndi wonyamulira pali misonkho ingapo, monga wokonzera misewu ndi wofikitsira magetsi kumidzi. Mitengo ya mafuta itakwera pa dziko lonse lapansi mu 1973 ndi mu 1979, kenaka nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko lino linaphunzira kuti mafuta ake ali m'manja mwa ena. Ndiyo nyengo imene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa mu 1982, yotcheza mafuta kuchokera ku manyuchi otsala popanga shuga, ndipo ina inadzatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol ameneyu, magawo 10 mpaka 20 pa 100, malinga ndi kupezeka kwake. Zimenezi zimapulumutsa ndalama zakunja, ndipo nzoyamikika. Koma woyendetsa galimoto adziwe kuti lita ya ethanol ili ndi magawo awiri okha mwa atatu a mphamvu ya lita ya petulo, kotero petulo wosakaniza amachepetsako makilomita ndi magawo 3 mpaka 7 pa 100. Ichinso pepala la ku Japan silinachiwerengere.

Ndalama zakunja zikasowa, mafuta amasowa, monga zinachitikira mu 2011, chaka cha zionetsero za pa 20 Julayi, ndiponso mu 2022 ndi mu 2024. Nthawi zotere munthu wa ku Chiradzulu amavutika kawiri. Malo omwetsera mafuta m'boma lino ndi owerengeka, motero amakakamizika kuwotcha malita awiri kapena atatu popita ku Limbe kukaima pa mzere umene mwina sukafika pa pampu. Pa mzerewo injini yongolira galimoto ili chiimire imamwa theka la lita kapena kuposa pa ola lililonse, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Wotopa ndi mizere amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu pa mtengo wokwera kwambiri, osadziwa ngati muli palafini kapena madzi, ndipo zimene wapulumutsa pa nthawi amakazisiya kwa makaniko wosintha pampu ya m'thanki.

Komabe mafuta ali ndi ubwino umodzi: amalipidwa poyera, tsiku lomwelo, ndipo munthu amamva kupweteka kwake. Ndalama zimene zimagwetsa eni magalimoto ndi zimene zimadyeka mwakachetechete lero koma nkudzalipidwa pa kamodzi chaka chamawa. Mnzathu wa makilomita 1,100 pa mwezi uja ayenda 13,200 pa chaka. Pa misewu yafumbi amisiri amalangiza kusintha oyilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse, ndiye kuti kawiri kapena katatu pa chaka. Matayala anayi amene pa phula angayende makilomita 40,000 amuthera m'zaka zitatu, ndipo pa miyala ya kumudzi sangafikeko. Ogula matayala a kaunjika amalipira pang'ono koma pafupipafupi. Batire ili ndi zaka zake zowerengeka. Mabuleki, mabushi, mashoko ndi malamba zimatha motsatana ngati zinapangana. Premio ndi Allion zopangidwa kuyambira 2007 zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene imafuna mafuta akeake okwera mtengo. Wothiramo mafuta wamba a giyabokosi pofuna kupulumutsa ndalama amadzagula giyabokosi yathunthu. Kilomita iliyonse imene galimoto yayenda yadyako kachigawo ka zinthu zonsezi, ngakhale palibe amene watambasula dzanja kulandira ndalama.

Kenaka pali zolipira zimene sizisamala kaya galimoto yayenda kaya yagona: inshuwalansi, imene lamulo limakakamiza aliyense kukhala nayo, ndi chiphaso cha COF chotsimikizira kuti galimoto njoyenera kukhala pamsewu. Apa masamu amatembenuka modabwitsa. Woyenda makilomita 13,200 pa chaka amagawa ndalamazi pa mtunda wautali, pamene mphunzitsi wopuma amene amatulutsa galimoto Lamulungu lokha ndi tsiku lokalandira penshoni, mwina makilomita 3,000 pa chaka, amalipira zomwezo pa mtunda wochepa kanayi. Kwa iye kilomita imodzi njodula kuposa ya anzake onse, ngakhale amadzitama kuti sawononga mafuta. Ndipo galimoto yogona nayo imakalamba: batire imafooka, matayala amang'aluka ndi dzuwa, makoswe amadya mawaya.

Chachikulu mwa zonse, chimene ambiri sachiwerengera nkomwe, ndicho kutha kwa galimoto yeniyeniyo. Kuno kwathu chinthu chimenechi chimabisala m'kugwa kwa kwacha. Munthu amene anagula galimoto kwacha isanagwe ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, nadzaigulitsa itagwanso mu Novembala 2023, anatha kulandira makwacha ambiri kuposa amene anapereka, nauza anzake kuti galimoto ndi chuma chosaola. Koma galimoto ndi zipangizo zake zimagulidwa ndi madola, ndipo mu Novembala momwemo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Akatenga makwacha ake aja kuti akaitanitse ina yonga imene anagula poyamba, kuphatikizapo msonkho wa MRA umene umakwera molingana ndi kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto, amapeza kuti ndalamazo sizikwana. Kuperewera kumeneko ndiwo mtengo wa miyezi imene anaiyendera.

Zonsezi zikutifikitsa kwa amene amagula saluni kuti izidzilipira yokha ponyamula anthu pakati pa Boma ndi Limbe. Madzulo amawerenga ndalama za m'thumba, kuchotsapo za mafuta, zotsalazo nkuzitcha phindu, nakagula nazo ndiwo. Kwenikweni akudya galimoto yake pang'onopang'ono, lero tayala, mawa giyabokosi. Saluni ili ndi malo a anthu anayi olipira. Minibasi imene akupikisana nayo imagawa mafuta ake pa anthu oposa khumi, ndipo ndiyo imaika mtengo wa ulendo. Kuti apeze kanthu amapanikiza anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo tanena kale zimene kulemera kumachita. Tisanene za apolisi apamsewu, kapena za inshuwalansi ya galimoto yapakhomo imene siteteza anthu okwera molipira. Walira mvula walira matope.

Koma pali mtengo wina umene sulembedwa m'buku lililonse la amisiri, ndipo ku Chiradzulu ndi waukulu. Galimoto ya m'mudzi si ya mwini wake yekha. Mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana pakati pa usiku, ndiyo imathamangira ku chipatala cha pa Boma kapena ku Nguludi. Maliro akagwa, ndiyo imakatenga achibale. Ukwati ukafika, ndiyo imavekedwa maluwa. Wopempha amabwera mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja: "Achimwene, tithandizeniko galimoto, mafuta tithira ife." Ndipo amathiradi, mwina malita atatu pa ulendo wofuna asanu, ndi mtima woyera, pakuti m'maganizo mwake galimoto imadya mafuta basi. Oyilo, matayala ndi mashoko amene atsala pa msewu wa kwa Nkalo palibe amene amawatchula, ndipo mwini galimoto akawatchula amamveka ngati munthu wouma mtima, wogulitsa chifundo.

Kwa mkamwini nkhaniyi njolemera koposa. Kuno mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi, ndipo galimoto yake imaimikidwa pa bwalo la eni mudzi; apongozi akatuma mwana kudzanena kuti akufuna kupita ku Limbe, ndani angawayankhe ndi masamu a makilomita? Ife sitikunena kuti wodwala usiku afunsidwe ndalama ya tayala. Ulendo wotere mwini galimoto aziuwerengera pamodzi ndi inshuwalansi, ngati msonkho wokhala ndi anthu. Koma maulendo a ukwati, a chinkhoswe, okagula feteleza ndi okagulitsa nandolo ndi a mtundu wina. Pa ulendo wa makilomita 50 wopempha athire malita asanu athunthu, aikenso m'manja mwa mwini galimoto mtengo wa malita ena atatu kapena anayi wa zitsulo ndi matayala. Mawu amenewa mkamwini sangawanene yekha osadzidetsa. Woyenera kuwanena ndi mwinimbumba, pa bwalo, abale onse ali pomwepo, lisanafike tsiku loipempha.